Masiku Atatu Usanakwere Ndege

Pa Chipoka,
Lolemba masana.

Mwana wanga Yotamu,

Makalata amene ndalembera anthu a pano pa Chipoka ndi ochuluka kuposa malaya amene ndawasokera, ndipo onse amayamba chimodzimodzi: kuno tonse tili bwino, kaya inu kumeneko. Ino siyamba choncho, chifukwa kuno sitili bwino.

Udabwa, ndikudziwa. Tikugona nyumba imodzi, tikudyera mbale imodzi, nanga kalata njachiyani? Ndayesa kawiri kulankhula nawe. Lachisanu lija tikuchokera kudoko ndidatsegula pakamwa, koma zimene zidatuluka ndi madandaulo a ulusi wa masiku ano wosachedwa kuduka. Dzulo potuluka m'tchalitchi ndidakuitanira pambali, n'kungokukonza kolala. Pakamwa pandikanika. Tsono ndakankhira makina osokera kukhoma, ndipo ndikulembera pathebulo lodulira nsalu pamene iwe uli kumtunda kwa amalume ako kukatsazika. Ukangobwera ndikupatsa m'manja. Ukawerengere pansi pa mlambe uja wa kunjanji, osati m'nyumba.

Amayi ako akudwala, Yotamu, ndipo si malungo. Ali ndi chotupa m'mimba, mbali ya kumanzere, cholimba ngati mwala. Tidayamba ndi mankhwala achikuda, adamwa mizu mpaka lilime kuda, osasintha. Mwezi wa Juni ndidapita nawo ku chipatala cha mishoni. Dokotala adakanikiza ndi zala, adafunsa mafunso ake, kenaka adanditengera panja ine ndekha ndi womasulira. Adati chakula kale, mpeni sungathandize. Ndidafunsa kuti atsala ndi nthawi yaitali bwanji. Adati mvula ikubwerayi mwina aiona, koma za chimanga chatsopano sangalonjeze. Ndidaganiza zowabisira eni akewo, koma tili panjira yobwerera adandiyang'ana n'kuti, "A Mbewe, musavutike n'kufunafuna mawu. Nkhope yanu yanena kale."

Iwe ukupita ku London zaka ziwiri. Ndiwe mphunzitsi, masamu amenewo uchite wekha.

Amayi ako adandilumbiritsa kuti ndisakuuze. Adati, "Mwanayo ndimamudziwa ndine, ndidamlera ndekha. Mukamuuza atsala. Akatsala, malo akewo apatsa wina, ndipo adzakalamba akunena kuti amayi adanditsekera njira. Ine mlandu umenewo sindipita nawo kumanda. Akafunsa muziti ndi malungo." Ndidavomera. Mlongo wako Esinati akudziwa, poti ndiye amawatungira madzi ndi kuwasinjira masiku ano. Amalume ako amene akukuphera nkhuku lerowo akudziwanso. Wosadziwa ndiwe wekha. Lero ndikuswa lumbiro langa, ndipo Mulungu aone yekha kuti tchimo lalikulu ndi liti, kuswa kapena kusunga.

Deresi la buluu limene amayi ako adavala dzulo udati lawakhala bwino, iwo n'kuseka. Lawakhala bwino chifukwa ndalibweza kawiri m'mapewa, n'kulikulitsa pamimba ndi kansalu kotsala. Anthu a kutchalitchi amati Nabanda waonda pang'ono. Ine telala sindinganene pang'ono, tepi ndili nayo, ndipo ndimawayeza nditatseka pakamwa.

Chimene chandigwiritsa cholembera kwenikweni ndi mapu ako aja. Tsiku lomwe udafika kuchokera ku Lilongwe udawayala pamphasa n'kuika chala: apa ndi Blantyre, apa ndi London, pakati pake mamailosi opitirira zikwi zisanu. Amayi ako adafunsa kuti ulendo wotero umatha miyezi ingati. Iwe udaseka. "Miyezi ya chiyani, amayi? Imeneyo ndi nkhani ya sitima za pamadzi. Ndege ndi masiku awiri basi. Itera ku Halale, itera ku Nairobi, idumpha chipululu, itera ku Roma, kenako tafika. Mukangomva kamutu mundiitane, mkucha mundiona pakhomo pano." Ine ndidachotsa tepi m'khosi n'kuyeza pamapupo, ndipo ulendo wonsewo sudakwane ngakhale thumba la malaya. Nonse mudaseka, amayi ako mpaka kugwira pamimba. Iwe udayesa kuti agwira chifukwa cha phwete. Ine sindidaseke nawo, chifukwa mawu akowo ndidawanenapo ine kwa amayi anga, pafupifupi momwemo.

Ulendo wanga woyamba wa ku Halale ndidayenda pansi, iwe usanabadwe. Tidali anyamata asanu ndi mmodzi. Tidakwera mapiri a ku Dedza, tidatsikira kwa Apwitikizi, tidaoloka Zambezi pa bwato ku Tete, ndipo tidakalowa mumzindamo patatha mwezi wathunthu, zidendene zitang'ambika. Ulendo umenewo aliyense ankauopa, ndiye kutsazika kwake kudali kutsazika kwenikweni. Ndidakhala kwa agogo ako sabata yathunthu. Adandikazingira chimanga ndi mtedza, adandimeta okha, ndipo tsiku lililonse ankandikhazika pansi n'kundiuza zomwe adandiuza kale dzulo lake. Ndinkatopa nazo, koma ndinkakhala. Nditafika kumeneko ndidaphunzira makina kwa mmwenye wina, ndipo zitakwana zaka ziwiri ndidabwerera monga ndidalonjezera. Miyendo yanga inkadziwa kutalika kwa kwathu, ndiye sindinkasewera nako.

Cholakwa changa chidabwera ndi njanji. Itafika kuno, iwe uli ndi zaka zisanu, tonse tidapenga nayo. Ulendo wa mwezi uja udasanduka wa masiku asanu, utakhala pabenchi, ukudya nthochi. Ndidamanga sutikesi n'kutsazika amayi ako m'mawa ngati ndikupita kumsika. Mudzi wa agogo ako udali panjira ya kusiteshoni, ndipo ndidawapeza akupeta mpunga kuseri kwa nyumba. Sindidatule ndi sutikesi yomwe. Ndidati, "Amayi, ndapita ku Halale." Iwo adati, "Takhala pansi, Simiyoni, ndikuone." Ndidati, "Sitima indisiya. Ndibwera pa Khirisimasi, masiku ano Halale ndi pakhomo." Adati, "Dikira tsono ndikumangire kampungaka." Ndidati mpunga ku Halale uliko, ndipo m'sutikesi mulibe malo. Adandiyang'ana lichero lili m'manja, n'kuti, "Chabwino, pita." Sitimayo idachedwa, ndidaidikira pasiteshoni mpaka dzuwa kupendeka, ndikucheza ndi anzanga. Amayi anga sindidawaonenso.

Khirisimasi itafika ntchito idachuluka, aliyense akufuna suti. Ndidati ndipita pa Pasaka. Pasaka itafika ndidati ndipita ndikapeza makina angaanga. Sindidakwatire kumeneko, sindinkamwa mowa, ndipo wina akadanditchula mtchona ndikadamumenya. Mtchona ndi uja waiwala kwawo. Ine ndinkakumbukira tsiku lililonse, kungoti kudali pafupi, ndipita mwezi wamawa. Mwezi wamawa umenewo udatha zaka zisanu ndi ziwiri. Kumbukira, Yotamu, munthu satchona chifukwa kwawo n'kutali. Wakutali amawerenga masiku. Amene amatchona ndi uja akuti kwathu ndi pafupi.

Chaka chachisanu ndi chiwiricho idabwera kalata ya amalume anga. Idayamba ndi kuno tonse tili bwino, idanena za mvula, idanena za mbuzi imene idagwidwa ndi fisi, ndipo kumapeto kwenikweni idati amako akumva m'chifuwa pang'ono koma akudya. Ndidaipinda n'kuiika m'thumba, chifukwa ndidali ndi maderesi a ukwati wa mwini oti ndimalize. Patapita masabata atatu idabwera lamya yoti matenda akula, bwera. Apo ndidadziwa, pakuti mwambo wathu ndinkaudziwa: wakutali sauzidwa maliro, amamuitanira matenda kuopa kuti angadzipweteke panjira. Ndidathamanga, ndipo m'pamene ndidaona kuti masiku asanu aja adali a pakamwa chabe. Chitupa choyendera chidatenga masiku ake. Sitima yobwera kuno yochokera ku Beira, kumene tinkasinthira, sinkanyamuka tsiku lililonse. Tsidya lino la Zambezi madzi adakokolola njanji, tidakhala pathengo kudikira kuti aikonze. Ndidafika tsiku lakhumi ndi chiwiri, pamanda patayamba kale kumera udzu. Adandiuza kuti pamene amalume ankalemba kalata yoyamba ija n'kuti amayi ataleka kale kudzuka. Zengerezu adalinda kwawukwawu, ndipo zengerezu wake ndidali ine.

Chimene chidandithyola si manda. Ndi zimene adandiuza azakhali ako tikuchokera kumandako. Adati zaka zonsezo, sitima ikalira pasiteshoni, amayi ankasiya chimene akuchita n'kuyang'ana kunjira. Atagona osadzuka ankangoti, "Yalani mkeka, mwina ali m'menemo." Ndidawauza ndekha kuti Halale ndi pakhomo, ndiye adandidikira monga amadikirira munthu wa pakhomo, sabata ndi sabata. Ndikadawauza kuti n'kutali akadalira tsiku limodzi n'kupumula. Tsono ganiza za amayi ako. Ndege zimadutsa pamwamba pa nyanjayi, ndipo iwe wawauza kuti mkucha ufika. Mawu amenewo uwabweze usanachoke. Uwauze poyera kuti ku London n'kutali, kutali kuposa Halale, kuposa Joni, ndipo subwera mpaka zaka ziwiri zitatha. Akudziwa kale, koma amve kuchokera pakamwa pako, kuti asamadzakweze mutu ndege iliyonse ikalira.

Masiku ako awiri a ndegewo uwamvetse bwino. Amenewo ndi masiku a munthu amene wakhala kale pampando. Usanakhalepo pali kalata yochoka kuno, pali akuluakulu a sukulu oti akulole, pali mpando woti upezeke, ndipo tikiti yako ndi ya boma, yopita kamodzi ndi kubwera kamodzi. Ndege si njinga yako yotsamira pakhonde. Ngakhale zonsezo zitayenda bwino, ukatera ku Chileka uyamba kudikira sitima yathu yomweyi. Ndipo kutentha kwa kuno ukukudziwa, maliro sagona kawiri. Ukamanena za masiku awiriwo amayi ako amavomera kuti mtima wako ukhale pansi.

Za ndege yeniyeniyo ndisakunamize, ndikuiopanso. Ndimaziona m'mwambamo, zazing'ono ngati tombolombo, ndipo mutu wanga umakana kuti muli anthu ovala nsapato. Bwato likagubuduka munthu amasambira. Sitima ikafa mumatsika n'kukhala pamthunzi. Nanga kumwambako mutsikira pati? Amayi ako adatuma Esinati kuti akufunse ngati mumakhala chimbudzi, ndipo atamva kuti chilimo adati kuyambira lero ndege ikamadutsa ufa uzianulidwa. Tidaseka tonse. Koma mantha amenewo ndi aang'ono, ndimatha kuwapempherera n'kugona. Amene akundisowetsa mtendere ndi akuti chinthuchi chikunyamula msanga kwambiri, mwakuti sudzamva n'komwe kuti wapita kutali. Ine zidendene zinkandiuza. Iwe udzangosinza pampando n'kudzuka uli tsidya lina la dziko, mtima uli phee ngati watsika pa Salima.

Udzafunsa chifukwa chimene sindidasungire lumbiro, poti amayi ako adanena zanzeru. Ndikuuza za Amidu, mwana wa Abiti Juma, mayi uja ankayanika usipa kuseri kwa msikiti. Amidu adali kumigodi ku Joni. Mayi ake atadwala ankabwera pakhonde pano atatsamira ndodo kuti ndiwalembere kalata. Ankakhala pansi apo, kupuma kukuwavuta, n'kuti, "Lembani kuti ndili bwino, alihamudulilahi. Lembani kuti ndalima mpunga." Ine ndinkati, "Abiti Juma, mpunga wake uti?" Iwo ankati, "Inu lembani. Mwana ali pansi pa nthaka, akamaganiza za ine mwala umugwera." Ndidalemba makalata anayi otero, ndi dzanja langa lokongolali, ndipo ndinkadziona ngati wachifundo. Amidu adawonjezera chaka china kumgodiko, poti kwawo kudali bwino. Atabwera adapeza mayi ake ataikidwa kale, ndipo adafika pano ndi bulangete limene adawagulira, lisanamasulidwe n'komwe. Sadakalipe. Adatulutsa makalata anayi aja n'kuwaika pa makina anga, n'kuti, "A Mbewe, amayi sankadziwa kulemba. Dzanja ili ndi lanu." Mpaka lero tikakumana kudoko amandipatsa moni waulemu, koma malaya ake amakasoketsa ku Salima.

Ndinkayesa kuti ndidaphunzirapo. Koma Loweruka lapitali udandipeza ndikulowetsa ulusi m'singano, n'kundifunsa motsitsa mawu, "Bambo, amayi aonda chonchi bwanji?" Ine osakweza ndi mutu womwe ndidati, "Malungo a kunyanja kuno, waiwala?" Mtima wako udakhala pansi, udatuluka ukuimba mluzu. Ulusi uja udandikanika kulowetsa. Ndidaona kuti ndasanduka amalume anga, ndipo kalata ya Abiti Juma ndailembanso kachisanu, ulendo uno kwa mwana wanga yemwe. Amayi ako akuopa kuti udzawaimba mlandu wokutsekera njira. Ine ndikuopa tsiku limene udzaike makalata anga pa makinawa.

Tsono imva chimene ndikupempha, ndipo umve bwino, usathamangire kumasula katundu. Sindikuti utsale. Ukatsala uwapha msanga ndi chisoni. Sukulu yakoyi adaisenzera madengu a nsomba mpaka kumidzi ya kumtunda zaka zonse zimene ine ndinkasoka masuti a eni ku Halale. Tidafuna tokha kuti uphunzire, ndipo walira mvula walira matope. Ku London upita. Ndilibenso nkhope yoletsera munthu ulendo, ine amene udandigwadira ngati mlendo nditabwera, uli ndi zaka khumi ndi ziwiri, n'kukafunsa amayi ako kukhitchini ngati bamboyu agone konkuno.

Ndege yako inyamuka Lolemba la sabata yamawa. Iwe wakonza zokwera sitima ya mawa kuti ukakhale ku Blantyre masiku asanu, ukagule chijasi kwa amwenye, ukaone anzako a kusukulu, ukajambulitse. Pali sitima ina Lachisanu, ndipo pofika Loweruka idzakhala itakufikitsa. Ndafunsa kusiteshoni kawiri. Ukwere imeneyo. Ukadapita pa sitima ya pamadzi monga ankapitira anzako akale, bwenzi utanyamuka masabata atatu apitawo. Ndegeyo yakubwezera masabata atatu, ine ndikupemphako masiku atatu okha. Chijasi ukagula Loweruka, ndipo chikasowa ukagula konko kwa eni chisanu. Anzako udzawapeza ukadzabwera, onse ndi anyamata.

Chonamizira ndakonza kale. Mkono wamanzere wa jekete la suti yako ndauphwasula m'mawa uno, ulusi wonse, ndipo ndanena kuti udakhala mokhota. Sudakhote, ine sindisoka mkono wokhota. Amayi ako andikalipira kale. Ati, "A Mbewe, zaka makumi atatu pa makina, jekete limodzi likukukanikani? Mwana akukwera mawa, inu m'pamene mukuona kukhota?" Ine ndangoti pepani, maso akalamba. Madzulo ano iwe unene kuti sungapite kwa Azungu ndi jekete la mkono umodzi, udikira ya Lachisanu. Mwina akhulupirira, mwina ayi, pakuti Nabanda si munthu womunamiza kawiri. Akazindikira kuti ndakuuza, mkwiyo umenewo ndi wanga, usaulowerere. Ndalolera kuti andikwiyire masiku amene atsala nawo kusiyana n'kuti iwe uzidzandipatsa moni waulemu moyo wanga wonse.

Ngati utawerenga zonsezi ufunabe kukwera mawa, mkonowo ndi ntchito ya ola limodzi. Undiuze, ndiulumikiza, ndipo sindidzakunena kwa munthu. Ndiwe wamkulu, ine sindingakumange miyendo. Koma ndakuuza za agogo ako kuti usadzati sindinkadziwa.

Ukatsala, masiku atatuwo usawamwaze. Usakwere njinga kupita ku Senga kukaona anzako asodzi, ndipo usakhale pakhonde langa kumatsutsana za ndale za chitaganya ndi aphunzitsi anzako. Amayi ako ululu umawaleka dzuwa likapendeka, ndipo nthawi imeneyo amakhala kuseri pamthunzi wa nkhokwe n'kumaswa mtedza. Ukakhale pomwepo, pansi, osati pampando. Wotchi yakoyo uvule. Akayamba malangizo, ngakhale akhale omwe adakuuza dzulo, usati ndamva kale. Akafuna kukuphikira chambo usawaletse, ngakhale uone kuti kuwerama kukuwavuta, Esinati adziwa pothandiza. Uwafunse za kwawo, maina a amayi awo ndi agogo awo, kumene adachokera asanafike kunyanja kuno. Ine ndine mkamwini, sindizidziwa bwino, ndipo amalume ako akadzapita mwini mbumba ndiwe. Usalire pamaso pawo. Misozi ikakugwira upite kudoko, ukasambe kumaso, ubwerenso. Lachisanu potsazika, sutikesi uitule pansi, ndipo usadzuke iwo asanati pita.

Phukusi lija ulandire. Ndikunena la usipa wouma, mtedza wokazinga ndi ufa woyera, limene udawabwezera Lachinayi uku ukuseka kuti ku bwalo la ndege kuli sikelo ndipo katundu akapitirira samulola. Adalitenga n'kukaliika pamwamba pa mtsuko, ndipo likadali pomwepo. Usipawo adasankha okha umodziumodzi, ufawo adasefa okha atakhala pansi, akupumira pakati. Ngati sikeloyo ndi yankhanza choncho, uchotse mabuku awiri, kumene ukupitako ndi kwawo kwa mabuku. Ukalephera ndithu ukadyere ku Blantyre, koma pakhomo pano lichoke lili m'manja mwako, iwo akuona.

Za kumene ukupitako ndilibe nzeru zambiri, sindidafikeko. Uzivala zofunda, chifuwa chako n'chofooka chibadwire. Ukayenda siya phazi, usasiye mlomo. Ukapeze tchalitchi, ngakhale aziimba nyimbo zosadziwika. Uzilemba kalata sabata iliyonse osadikira kuti upeze nkhani. Lemba zimene wadya, lemba za anthu amene ukugona nawo nyumba, lemba za ndegeyo ndi chimbudzi chake, amayi ako akufuna kumva. Ndiziwawerengera pang'onopang'ono kuti kalata ikhalitse. Chimodzi chokha usadzalembe, kuti ubwera msanga.

Ine lonjezo langa ndi ili, ndipo ili lokha sindidzaswa. Kalata yochoka m'dzanja langa sidzakunamiza. Ndikadzalemba kuti adya, adyadi. Ndikadzalemba kuti sakudzuka, sakudzukadi. Tsikulo likadzafika sindidzakuitanira matenda, ndidzalemba chimene chachitika, amalume ako anene zimene anganene.

Dzulo udandipatsa mapepala a buluu aja a kalata za pandege, makumi awiri ndi anayi, limodzi mwezi uliwonse, utalemberatu keyala ya ku London kuti Chingerezi chisandivute. Udalemba mosamala, zilembo zikuluzikulu ngati pabolodi. Ndawaika m'bokosi la ulusi, ndipo kuyambira dzulo ndalitsegula katatu. Limodzi mwa mapepala amenewo ndi limene lidzakuuze, ndipo sindikudziwa kuti ndi lachingati, kaya lachitatu, kaya lachisanu ndi chimodzi. Ndikuopa, Yotamu. Ndikuopa tsiku limene ndidzalitulutse, ndikuopanso kuti udzalitsegula uli wekha m'chipinda chozizira, popanda ndi mmodzi yemwe wodziwa dzina la amayi ako. Likadzafika usadzathamangire ku bwalo la ndege. Udzakhale pansi, ulire, kenako udzamalize chimene udapitira.

Pa maliro a amayi ako sudzakhalapo, mwana wanga. Chimene chilipo ndi Lachiwiri, Lachitatu ndi Lachinayi.

Ndine bambo ako,
Simiyoni Mbewe.